Mutu 12: Chimbale Chikakana Kujambula

Mwa zipangizo zonse zimene zinalowa m'nyumba za anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'zochepa zimene zaweruzidwa mopanda chilungamo monga makina ojambulira mapulogalamu a wailesi ya kanema pa chimbale cha DVD. Pakuti munthu akaika chimbale chatsopano, nadina batani lofiira, nakhala pansi ndi mtima wokhazikika, kenaka n'kuona mawu akuti Disc Error kapena Cannot Record akuphethira pa kawindo ka kutsogolo, athamangira kugamula kuti makinawo afa, pamene kawirikawiri mlandu uli pa chimbale chotsika mtengo, pa nthambo yolowetsedwa pabowo losayenera, kapena pa kamwambo kena kamene mwini wake anakadumpha posakadziwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tsono tiufunse bwino mlanduwu, mboni imodzi pambuyo pa inzake, tisanapereke chigamulo.

Kulemba ndi kuwerenga si ntchito imodzi

Chimbale cha DVD, chimene kutambalala kwake ndi masentimita 12 ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita 1.2, chipangidwa ndi timapale tiwiri ta pulasitiki tomatidwa pamodzi, ndipo pakati pake, pamene chala sichifika, ndi pamene pakhala zonse zojambulidwa. Pa chimbale cha filimu chogula m'sitolo, timaenje tating'onoting'ono tosunga zithunzi ndi mawu tinadindidwa kale ku fakitale, kotero kuti makina angounikapo ndi kuwala kofooka kwa laser yofiira, nawerenga. Koma chimbale chopanda kanthu chili ndi kanjira kozungulira kochokera pakati kunka kumphepete, kopakidwa utoto wapadera. Ndipo kuti chithunzi chikhalepo, laser iyenera kukweza mphamvu yake kambirimbiri kuposa powerenga, ndi kutentha utotowo kadontho ndi kadontho, pamzere umene utalikirana ndi unzake mtunda wosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ikatentha pang'ono, madonthowo saoneka bwino. Ikatentha mopyola muyeso, afalikira nakhudzana.

N'chifukwa chake makina asanayambe kujambula, ayamba ayesa mphamvu ya laser pa kamalo kosungidwira ntchito imeneyi pafupi ndi bowo la pakati, monga mlembi ayesa peni yake m'mphepete mwa pepala asanayambe kalata. Kuyesaku kukalephereka, makina akana chimbalecho asanalembepo ngakhale chithunzi chimodzi. Amene wamvetsa mfundo iyi wapeza kiyi wa mavuto ambiri amene tikambe m'mutu uno, ndipo sadabwanso poona makina amene aonetsa mafilimu bwinobwino akulephera kujambula. Pakuti mphamvu yokwanira kuwerenga siyo yokwanira kulemba.

Mitundu ya zimbale ndi mkangano wa eni ake

Funso loyamba, limenenso ambiri salifunsa, ndi lakuti: kodi chimbalechi n'chamtundu umene makinawa aulandira? Zimbale za DVD zinayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, ndipo pa zimbale zowerenga zokha makampani aakulu anagwirizana chimodzi. Koma itafika nkhani ya zimbale zojambulapo, mgwirizano unasweka, aliyense nakokera kwake. Kampani ya Pioneer inatulutsa DVD-R mu 1997, kenaka DVD-RW, ndipo kumapeto kwa 1999, chaka chomwecho chimene Television Malawi inayamba kuulutsa, inagulitsa ku Japan makina oyamba a m'nyumba ojambulira pa DVD. Panasonic inatsatira mu 2000 ndi makina a DVD-RAM. Philips, Sony ndi anzawo ena anaima pambali napanga mtundu wawowawo wokhala ndi chizindikiro chophatikizira, ndiwo DVD+RW, umene makina ake a m'nyumba anatuluka mu 2001, ndi DVD+R mu 2002.

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Wogula, amene sanaitanidwe ku mkanganowo, ndiye anatsala ndi ntchito yosiyanitsa kamzere ndi kamtanda pa chikuto cha zimbale zimene m'maso zioneka zofanana ndendende, zonse zolembedwa 4.7 GB. Makina opangidwa m'zaka zotsatira anayamba kulandira mitundu yonse iwiri, koma akale ambiri, amenenso ndiwo apezeka m'masitolo a katundu wogwirapo kale ntchito, alandira mtundu umodzi wokha. Yang'anani zizindikiro zodindidwa pa chitseko cha thireyi kapena m'kabuku ka malangizo, muzifanizire ndi za pa chimbale.

Zilembo za kumapeto nazo zili ndi uthenga wake. Chimbale cha R chilembedwa kamodzi kokha. Mungafafanize dzina la pulogalamu pa mndandanda, koma malo amene inadya sabwerera. Cha RW, chimene m'malo mwa utoto chili ndi msanganizo wa zitsulo umene usintha maonekedwe ukatenthedwa, chifafanizika ndi kulembedwanso pafupifupi ka 1,000, ndipo cha RAM chipirira koposa apo kutalitali, ngakhale kuti makina oonetsera ambiri sachiwerenga. Cholembedwa DL chili ndi misanjo iwiri yosunga 8.5 GB, ndipo makina amene sanapangidwire chimenechi achilavula. Zimbale za RW ndi RAM zifunanso kukonzedwa kaye ndi lamulo la Format. Makina ena achita okha, ena adikira kuti mwini wake avomereze pa rimoti.

Chimbale chabwino ndi chonyenga

Mtundu ukakhala woyenera koma makina n'kumakanabe, kaikirani kapangidwe ka chimbalecho. Dzina lolembedwa pamwamba pa chimbale si nthawi zonse likhala la amene anachipanga, popeza mafakitale enieni anali ochepa, monga Taiyo Yuden ndi Mitsubishi Chemical a ku Japan, CMC Magnetics ndi Ritek a ku Taiwan, ndi Moser Baer ya ku India, ndipo makampani ambiri ankangogula kwa amenewa n'kudindapo mayina awo. Chimbale chilichonse chili ndi chizindikiro chobisika chotchula fakitale yake ndi mtundu wa utoto wake. Makina achiwerenga nachifunafuna pa mndandanda umene anaikidwa nawo tsiku lopangidwa, kuti adziwe katenthedwe koyenera. Akapanda kuchipeza, angoyerekeza, ndipo poyerekeza nthawi zina alasa, nthawi zina aphonya. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha dandaulo lomveka kawirikawiri, lakuti zimbale za dzina lomwelo zinkajambula bwino chaka chatha koma lero zikukana: dzina silinasinthe, koma fakitale yasintha.

Liwiro lolembedwa pa chikuto nalonso lisocheretsa ambiri. Chimbale cha 16x chinapangidwira kompyuta imene ichidzaza m'mphindi 6 kapena 7, monga ankachitira anyamata obena nyimbo ndi mafilimu m'misika yathu. Koma makina a m'nyumba akale anapangidwa masiku amene zimbale zinali za 1x, 2x kapena 4x, ndipo utoto wa zimbale zothamanga suwamvera bwino nthawi zonse. Vutoli si lopeka: mu 2002 kampani ya Pioneer inachenjeza poyera kuti makina ake ena akale angatenthe ndi kuonongeka akaikidwa zimbale zatsopano za 4x, ndipo inapereka pulogalamu yowakonzera. Chotero nambala yaikulu pa chikuto sitanthauza ubwino kwa makina okalamba. Mukapeza za 8x kapena kutsikirapo, yesani zimenezo, ndipo musagule mulu wa zimbale 50 musanayese chimodzi kapena ziwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimbale chokanidwa chingathe kudzichitira chokha umboni. Chitembenuzeni, muchipendeketse pa kuwala kwa pa windo, muyang'ane mbali yofiirira ija. Pamene laser yadutsa paoneka mkombero wosiyana mtundu pang'ono ndi pamene sinafike, woyambira pakati n'kumakula kunka kunja. Mukaona kamkombero kopyapyala pafupi ndi bowo, kwina konse kuli mbee, dziwani kuti makina analephera poyesa paja, ndipo mlandu uli pakati pa utoto ndi laser. Mukaona kuti mkombero unayenda bwino n'kukaima chakumphepete, kapena kuti chithunzi chiyamba kudodoma ndi kuuma pulogalamu ikamapita kumapeto, kaikirani chimbalecho, pakuti kumphepete ndi kumene utoto wa zimbale zachabechabe ukhala wosayalika bwino. Mungaonenso timadontho, timathovu kapena chidindo cha chala. Chala chimodzi chamafuta a mandasi chikwanira kutchinga laser polemba. Pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kunka kumphepete, osati mozungulira, chifukwa kukanda kotsata mzere wa zolembedwa kuononga zambiri kuposa kodula mzerewo.

Kutseka chimbale

Tafika tsono pa mwambo umene wagwetsa misozi ya anthu ochuluka. Munthu ajambula mpira kapena mwambo wa dziko, nauonera bwino pa makina ake, natenga chimbale kunka nacho kwa mlamu wake. Kumeneko makina oonetsera achizungulitsa kwakanthawi, nalemba kuti No Disc. Chimbale sichinaonongeke ayi, koma sichinatsekedwe. Pamene makina akujambula pulogalamu lero, ina mawa, ina mkuja, asunga mndandanda wongogwirizira umene iwo okha ndi abale awo a kampani yomweyo aumva; ndipo pokhapokha mwini wake atasankha lamulo la Finalize m'pamene alemba mndandanda weniweni wa zam'kati, pamodzi ndi malire a chiyambi ndi mathero, monga ayembekezera makina ena onse a pa dziko. Ntchitoyi itenga mphindi zingapo, ndipo itenga nthawi yaitali chimbale chikakhala ndi zochepa. Pa nthawi imeneyi musadine batani lililonse, musazimitse makina.

Zimbale za DVD-R, DVD+R ndi DVD-RW zifuna kutsekedwa. Cha DVD+RW kawirikawiri chionetsa pa makina ena chosatsekedwa. Cha R chikatsekedwa sichilandiranso kanthu, ngakhale malo atatsala. Pa DVD-RW palinso mphambano ina: pochikonza, makina afunsa ngati mufuna Video kapena VR. Njira ya VR ilola kudula ndi kufafaniza mbali za pulogalamu mwaufulu, koma makina oonetsera akale ambiri saiwerenga. Njira ya Video ilibe ufulu woterowo, koma ilandiridwa pafupifupi paliponse. Wofuna kubwereketsa chimbale asankhe Video.

Ndipo pano pali chenjezo loyenera kulembedwa pamtima: tsekani chimbale pa makina omwewo amene anachijambula, ndipo chitani zimenezi makinawo akali moyo. Alipo anthu amene anaunjika zimbale zosatseka zaka ndi zaka, nati tidzatseka tsiku lina, mpaka makina anafa, iwo natsala ndi bokosi la zimbale zimene palibe chozitsegula. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wogwa m'tsoka limeneli asazitaye msanga: makina ena a kampani yomweyo nthawi zina avomera kuzitseka, ndipo pa kompyuta pali mapulogalamu, monga IsoBuster, otha kutola zithunzi pa chimbale chosatseka.

Chimbale chikajambula mdima

Nthawi zina makina ajambula mokhulupirika, manambala nayenda pa kawindo, koma poonera mupeza mdima, chipwirikiti cha timadontho, kapena chithunzi chopanda mawu. Apa chimbale chilibe mlandu. Chithunzi sichinafike m'makina. Ambiri aganiza kuti makina ajambula chimene chikuoneka pa TV, koma sizili tero: ajambula chokhacho chimene chalowa kudzera pa mabowo awo olandirira. Makina ambiri a DVD anapangidwa m'nyengo ya kaulutsidwe kakale ka analogi, ndipo chokokera matchanelo chawo chimva kameneko kokha. Mu 2006 maiko a mu Africa ndi ku Ulaya anapangana ku Geneva kuti asamukire ku kaulutsidwe ka dijito, naika 17 June 2015 kukhala tsiku la malire. Ndipo Malawi, monga anansi ake, anasankha njira yotchedwa DVB-T2. Choncho kulumikiza eriyo ku makina akale sikupindula kanthu, ndipo ngakhale makina ochokera ku Britain olembedwa Freeview, ambiri a iwo amva njira yoyamba ya DVB-T yokha.

Njira yake ndi kudzera pa dikoda. Nthambo zitatu zija, yachikasu ya chithunzi, yofiira ndi yoyera za mawu, zichoke pa mabowo otulutsira a dikoda, zilowe pa mabowo a makina olembedwa IN. Zina zitatu zichoke pa OUT ya makina kunka ku TV. Kenaka dinani batani la Input pa rimoti ya makina kufikira chithunzi cha dikoda chioneke kudzera mwa iwo. Chikapanda kuoneka pamenepo, sichidzaonekanso pa chimbale. Bowo la HDMI pa makina otere n'lotulutsira chabe, sililandira kanthu. Makina a ku Ulaya ali ndi mabowo aakulu a SCART, a timano 21, ndipo kachipangizo kolumikizira nthambo zitatu ku SCART kamakhala ndi kaswichi ka IN ndi OUT kamene, kakaloza kolakwika, kabweretsa mdima womwewo.

Chithunzi chikatuluka chopanda mitundu kapena chikamagudubuzika, funsani kumene makina anachokera. Kuno, monga ku Britain ndi South Africa, makina otere agwiritsa ntchito njira ya PAL ya mizere 625; a ku America ndi ku Japan agwiritsa ntchito NTSC ya mizere 525, ndipo makina opangidwira maiko amenewo kawirikawiri sajambula PAL. Asanalumikizidwe n'komwe, werengani kachikwangwani ka kumbuyo, pakuti magetsi a ku Japan ndi a mavoti 100, a ku America 120, pamene athu ndi 230, ndipo makina otere angapse nthawi yomweyo.

Pali kukana kwina kumene si matenda konse. Makina akalemba kuti Copy Protected, ndiye kuti amva chizindikiro chimene eni filimu kapena oulutsa anabisa m'chithunzi, monga cha Macrovision kapena CGMS-A, ndipo anapangidwa kuti achimvere. Mapulogalamu ololedwa kujambulidwa kamodzi kokha afuna chimbale cholembedwa CPRM, chokonzedwa m'njira ya VR, kapena cha RAM. Oletsedwa kotheratu asiyeni. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo kugulitsa ntchito za eni popanda chilolezo ndi mlandu umene kuno kwathu bungwe la COSOMA lili nawo maso.

Malo, nthawi ndi magetsi

Chimbale cha 4.7 GB chilibe maola oikika. Maola ake adalira muyeso umene mwasankha. Pa XP chitenga ola limodzi, pa SP maola 2, pa LP maola 4, pa EP maola 6 kapena 8. Koma maola akamachuluka chithunzi chifinyidwa kwambiri, ndipo pamene pali zothamanga chisweka kukhala timabokosi. Taganizani za mpira wa chikho: mphindi 90 zosewera, 15 zopumula, ndi zoonjezera za woimbira, zangotsala pang'ono kudzaza maola 2 a SP, ndipo masewero akapita ku mphindi 30 zapadera ndi mapenate, chimbale chidzala osewera akali m'bwalo. Wanzeru asankhiratu muyeso wotalikirapo. Dziwaninso kuti chimbale chili ndi malire a chiwerengero cha mapulogalamu, 99 pa za kamzere ndi 49 pa za kamtanda, ngakhale malo atatsala.

Kujambula kotchera nthawi kukalephereka, yang'anani zinthu zitatu: ngati wotchi ya makina ili yolondola, popeza magetsi akazima nthawi yaitali ibwerera pachiyambi; ngati makina anasiyidwa monga kabuku kanenera, pakuti ambiri afuna kuzimitsidwa ndi rimoti kuti ayambe kudikira nthawi yake; ndiponso ngati dikoda inasiyidwa yoyaka pa tchanelo choyenera, chifukwa makina alibe ulamuliro pa iyo.

Koma mdani woposa onse ndi kuzima kwa magetsi pakati pa ntchito. Makina amaliza kulemba mndandanda wa pulogalamu mukadina Stop. Magetsi akathima izi zisanachitike, pulogalamuyo itayika, ndipo pa chimbale cha R nthawi zina zitayikira limodzi ndi zimene zinajambulidwa kale. Madzi akatayika saoleka. Kumene magetsi ali osadalirika, jambulani pa RW, chimene chingakonzedwenso. Musaunjike zinthu zamtengo wapatali pa chimbale chimodzi chosatseka. Ndipo ngati thumba lilola, lumikizani makina ndi dikoda ku UPS, imene ikupatsani mphindi zokwanira kudina Stop. Amene makina awo ali ndi hadi disiki m'kati ayambe ajambulira m'menemo, nasamutsire pa chimbale pambuyo pake.

Pamene nthenda ili m'makina

Zonsezi zikayesedwa, mitundu iwiri kapena itatu ya zimbale zabwino n'kukanidwabe, pamenepo ndi pamene tiloza chala makina. Tcherani khutu poika chimbale. Mukamva kukhuluza kapena kulira kwa chinthu choterereka, makamaka poyamba kujambula ndi potseka, kawirikawiri ndi fumbi limene lakhala pa kamphira kozungulira kamene chimbale chikhalapo. Fumbi la mwezi wa October likasakanikirana ndi mafuta a m'zala, kamphirako kaleka kugwira, chimbale n'kumaterereka pamene injini ikusintha liwiro. Mmisiri akapukuta kamphirako ndi kagalasi ka laser ndi kathonje konyowetsedwa ndi sipiriti woyenera, makina amene anayesedwa akufa auka. Mukamva kugogoda kobwerezabwereza, kenaka No Disc, ndiye kuti laser ikufunafuna kanjira osakapeza. Laser ikalamba ndi ntchito, ndipo ukalamba wake utsata dongosolo: iyamba kukana kulemba, kenaka kuwerenga zimbale zojambulidwa, potsiriza ndi mafilimu ogula omwe. Kuimba bwino kwa ma CD kusakunyengeni, pakuti CD iwerengedwa ndi laser ina.

Makina ochedwa kuyaka, odzizimitsa okha, kapena oima pakati pa kujambula akatentha, nthawi zambiri ali ndi makapasita otupa m'chigawo cholandira magetsi, ndipo amenewa mmisiri awasintha pa mtengo wochepa. Musatsegule nokha ngati simunaphunzire ntchitoyi, chifukwa chigawo chimenechi chisunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo kuwala kwa laser kuononga maso. Chimene mungachite ndi kuwapatsa mpweya: musawasanjike pansi pa dikoda yotentha, ndipo nsalu yokongoletsa ija ichoke pa timabowo ta mpweya pamene akugwira ntchito.

Dongosolo lake tsono ndi ili: yambani ndi chimbale, chifukwa ndicho chotsika mtengo, pitani ku nthambo ndi dikoda, onani wotchi, muyeso ndi magetsi, makina akhale omaliza. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti vuto likatha mudziwe chimene chalithetsa. Ndipo popeza makampani ambiri analeka kupanga makinawa, ndiponso utoto wa zimbale ufooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, inu owerenga amene muli ndi zimbale za ukwati, za chinkhoswe kapena za mawu a makolo amene anatisiya, zitulutseni sabata ino, mutseke zosatseka, muzikopere pa kompyuta kapena pa fulashi, ndipo kope lina mukasungitse kwa mbale wanu.